Wamisala adaona nkhondo: ndani akumvera odwala okhalitsa?

Makina osokera a amalume anga adali a Singer, akuda, opalasa ndi phazi. Ankakhala nawo pakhonde la sitolo ina pa Songani, ndipo aliyense wotsika m'chigwa cha Domasi kudzagula mchere kapena kudzakwera minibasi ankawapeza pomwepo, tepi ili m'khosi, choko chili kukhutu, akuseka ndi makasitomala. Sukulu zikamatsegulidwa sankapuma, chifukwa mayunifolomu a ana a m'midzi ingapo ankadutsa m'manja mwawo.

Matenda adawayamba mwakachetechete. Adasiya kugona. Kenaka adayamba kunena kuti wailesi ikukamba za iwo, mpaka nsima ya m'nyumba mwawo momwe adayamba kuikana, ati ili ndi mankhwala. Tidayenda nawo kwa asing'anga awiri, tidakawagoneka kumapemphero sabata yathunthu, ndipo zonse zitakanika abale adamanga chimodzi chowatengera ku Zomba Mental Hospital. Tsiku lowaperekeza tidalipo anthu 6 pagalimoto yochita hayala. Koma madokotala atanena kuti apeza bwino, abale abwere adzawatenge, padalibe ndi mmodzi yemwe amene adanyamuka.

Uthenga udatipeza kawiri. Aliyense adali ndi chifukwa chake. Wina adali kumunda, wina adalibe ya thiransipoti, wina ankati, "Asiyeni akhaleko kaye, kumeneko sakugona ndi njala." Kuchokera pa Domasi kukafika ku Zomba sipakwana makilomita 20, komabe amalume adakhala kumeneko miyezi ina yoonjezera ali bwinobwino, akuyang'ana kugeti. Tsiku lomwe adafika pakhomo adapeza makina aja adagulitsidwa, ati kubweza ngongole ya hayala, ndipo dimba lawo la kumtsinje likulimidwa ndi mphwawo. Sadakalipe. Adakhala pakhonde, adatiyang'ana mmodzimmodzi, nafunsa: "Nanga bwanji simudandifunse?"

Papita zaka, koma funso limeneli silidandichoke m'makutu. Ndi funso la aliyense amene matenda kapena ukalamba wamuika m'manja mwa ena kwa nthawi yaitali. Ku America anthu otere ambiri amakhala m'nyumba zosungira okalamba ndi odwala okhalitsa, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1970 kuli maofesi a ombudsman amene ntchito yawo ndi kuyendera nyumbazo n'kumamva madandaulo a okhalamo. Kuno kwathu nyumba zotere n'zowerengeka. Odwala okhalitsa a m'chigwa cha Domasi mukawafuna mudzawapeza m'malo awiri: m'mawodi a chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, kapena m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya abale awo. Malo awiriwa amafanana pa chinthu chimodzi. Wolowamo akakhalitsa, anthu amasiya kumufunsa maganizo ake.

Chipatala chobadwira m'ndende

Mwana wa ku Malawi amamva dzina la Zomba asadaione Zomba. Akapulupudza amamuopseza kuti, "Iwe, tikakusiya ku Zomba." Munthu akalankhula zosamveka pabawo anzake amamuseka kuti wathawa ku Mental. Nthabwala zimenezi zili ndi mizu yakale. Malo oyamba osungirako odwala misala m'dziko muno adatsegulidwa mu 1910, ndipo adali mbali ya ndende yaikulu ya Zomba. Owayang'anira adali oyang'anira ndende. Katswiri wa mbiri yakale, Megan Vaughan, adalemba za malo amenewa mu 1983, naonetsa momwe boma la atsamunda linkasungiramo anthu amene ankaoneka osokoneza bata. Chipatala chomwe tikuchidziwa lero chidatsegulidwa mu 1953, koma mthunzi wa ndende udachitsatira, makamaka m'maganizo mwa anthu akunja kwa mpanda. Kwa ambiri, munthu wopita ku Mental amakhala ngati wamangidwa, ndipo kumuzonda ndi manyazi.

Lamulo lomwe lidayendetsa chisamaliro cha odwala amenewa kwa zaka zoposa 70, la Mental Treatment Act, lidalembedwa mu 1948. Pa nthawi imeneyo mankhwala oziziritsa misala adali asadapezeke, pakuti chlorpromazine adayamba kugwiritsidwa ntchito ku France mu 1952. Olemba lamulolo ankaganiza za momwe munthu angalowetsedwere ndi kusungidwa, ndi momwe katundu wake angayendetsedwere. Zoti wodwalayo angakhale ndi mawu pa mankhwala amene akumwa, pa tsiku lotuluka kapena pa chuma chake sizidali pamtima pa lamulolo. Wodwala ankakambidwa, iye mwini sankakamba.

Mpaka lero chipatala cha Zomba ndicho chachikulu cha boma pa matenda a maganizo. Kumpoto achipembedzo a St John of God akhala akugwira ntchitoyi ku Mzuzu kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo adafikanso ku Lilongwe. Madokotala akuluakulu a matenda amenewa ndi ochepa kwambiri m'dziko lonse, kotero mtolo waukulu umagwera anamwino ndi madokotala othandizira. Wodwala wochokera ku Nsanje kapena ku Mangochi amatumizidwa ku Zomba, kutali ndi kwawo. Ngati ife a pa Domasi tidalephera ulendo wa theka la ola, nanga mayi wa ku Makanjira amene ayenera kugulitsa mbuzi kuti akaone mwana wake?

Apa m'pamene pamabadwira odwala okhalitsa. M'zipatala zina zonse tidazolowera kuti wodwala amakhala ndi womudikirira. Gadiyani amagona pansi pafupi ndi bedi, amaphika phala kukhitchini ya odikirira, amathamangira namwino madzi a m'botolo akatha. Iye ndiye maso ndi pakamwa pa wodwala. Koma mlongo wathu kapena mchimwene wathu akagonekedwa ndi matenda a maganizo timamusiya m'manja mwa anamwino n'kubwerera kumudzi. Mwezi woyamba timapita ndi nthochi ndi shuga. Wachiwiri timatuma moni. Wachitatu timayamba kuzolowera bata lomwe lili pakhomo. Ena pomusiya amapereka nambala ya foni yomwe mawa lake siikugwiranso.

Ndipo kukhalitsa pakokha ndi matenda ena. Munthu amene miyezi ndi miyezi amadzutsidwa pa ola limodzimodzi, kudya chimene wapatsidwa, kuvala chimene wapatsidwa, osagwira ndalama, osagwira khasu, amayamba kuiwala kudzisankhira. Akatuluka amaoneka wozizira, ndipo abale amati sadachire, pomwe chamufooketsa ndi kudikira.

Singano yokana kulowa

Amalume atabwera adali ndi mankhwala akumwa usiku ndi tsiku loti azikabayitsa jakisoni mwezi ndi mwezi. Mankhwala a matenda amenewa, monga chlorpromazine, haloperidol ndi jakisoni wa fluphenazine, amathandizadi. Mawu omveka m'mutu amachepa, tulo timabwera, mantha amatha. Koma ali ndi zotsatira zake. Ena thupi limauma, khosi limakokeka, manja amanjenjemera, dovu limatuluka, kuyenda kumakhala kokhwekhwereza mapazi. Achipatala amazidziwa zimenezi ndipo ali ndi pozithera: amachepetsa mlingo, amasintha mankhwala, kapena amaonjezera ena monga benzhexol. Chofunika n'chakuti wodwala anene, ndipo pakhale womumvera.

Tsiku lina ndidawapeza amalume atabwereka singano ya pamanja kuti asoke thumba la malaya awo. Adanyowetsa ulusi pakamwa, adautsinira, adauyandikitsa pabowo. Dzanja lidagwedezeka. Adayesanso, kachiwiri, kachitatu, mpaka kasanu. Munthu amene kale ankalowetsa ulusi akucheza osayang'anako. Adaika singano pansi nati, "Mphwanga, mankhwalawa andilanda manja." Ine ndidangoti, "Pepani amalume, muzingomwabe," n'kupita. Kunyumba ndidawauza amayi, iwo adati, "Achimwene akuyambanso."

Adasiya kumwa mobisa. Patapita miyezi iwiri matenda adabwerera ndi mphamvu, ndipo abale, chifukwa cha mantha, adawatsekera m'kanyumba komwe kale tinkasungamo chimanga, mwendo utamangidwa ndi unyolo kunsanamira. Chakudya tinkalowetsa pansi pa chitseko. Izi adachita ndife, anthu opemphera, okonda mbale wathu. Palibe adaganiza kuti tikuphwanya lamulo. Tinkati tikuwateteza.

Adatitsegula maso ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu, amene adabwera pa nkhani ya katemera wa ana n'kumva munthu akuitana kuseri. Adakhala pansi pakhomo pa kanyumbako ndipo adachita chimene ife tonse tidalephera: adawafunsa amalume chifukwa chomwe adasiyira mankhwala. Yankho lidali lomwe lija la singano. Nkhani itafika kwa achipatala adasintha mlingo ndi kuonjezera mankhwala oletsa kunjenjemera. Manja adakhazikika. Akuluakulu adati wamisala adaona nkhondo. Amalume adaiona nkhondo ikubwera, adatichenjeza masana dzuwa likuswa mtengo, ife tidati ndi misala.

Kumanga odwala sikuchitika kwathu kokha. Mu 2020 bungwe la Human Rights Watch lidatulutsa lipoti losonyeza kuti mchitidwe womanga ndi unyolo anthu odwala maganizo ukupezeka m'mayiko 60, m'makomo, m'malo a mapemphero, kwa asing'anga ngakhalenso m'zipatala. Kawirikawiri womanga sakhala mdani. Amakhala mayi wotopa, amene sadauzidwe chochita china.

Kachipinda ka kuseri

Odwala maganizo si okhawo amene amakhalitsa m'manja mwa ena. Lowani m'midzi ya kwa Malemia, m'munsi mwa mapiri a Zomba ndi Malosa, mufunse nyumba zomwe muli munthu wosatuluka panja. Mupeza abambo amene sitiroko idawafoola mbali imodzi, pakamwa padapotoka, mawu satuluka bwino koma nzeru zili zonse. Mupeza mtsikana wa khunyu wokhala ndi zipsera za moto, amene amadyera mbale yakeyake chifukwa anthu akuganizabe kuti khunyu ndi lopatsirana, pomwe silipatsirana. Mupeza anganga amene aiwala mayina a zidzukulu zawo, amafunsa za amuna awo omwe adamwalira kalekale, ndipo usiku amadzuka n'kumati akupita kwawo.

Anganga oterewa ndiwo ali pangozi yaikulu. Matenda oiwalaiwala a muukalamba, amene madokotala amawatchula dementia, amaononga ubongo pang'onopang'ono. Munthu amasochera pamudzi pomwe adabadwira, amavula zovala osadziwa, amavomera chilichonse chimene wafunsidwa mokalipa. Ndiye taganizirani nkhalamba yotere itapezeka mbandakucha pakhomo pa eni, ili chibadwire, yosadziwa kuti yafika bwanji. Mudzi sufunsa za ubongo. Umati yagwa pandege ya ufiti. Mu Januwale 2016 m'boma la Neno anthu 4 okalamba adaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo momwe powaganizira ufiti, mtsikana wina atamwalira ndi mphenzi. Chichokereni nthawi imeneyo bungwe la Malawi Network of Older Persons' Organisations, lodziwika kuti MANEPO, lakhala likudandaula chaka ndi chaka za okalamba ophedwa ndi kuzunzidwa pa zifukwa zomwezi. Chonsecho lamulo la Witchcraft Act la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Nkhanza zambiri za m'kachipinda sizifika pa nyuzipepala chifukwa zilibe phokoso. Wodwala wosatha kudzitembenuza akagonera mbali imodzi amatuluka zilonda m'chiuno, kumsana ndi kuzidendene, ndipo zilonda zimenezi zikalowa tizilombo zimapha. Anamwino amalangiza kumutembenuza pafupifupi maola awiri aliwonse, kumusambitsa, kumuumitsa bwino ndi kumutulutsa panja aothere dzuwa. Ndi angati amene adauzidwapo zimenezi potuluka m'chipatala? Palinso nkhani ya ndalama. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, yomwe idayambira ku Mchinji mu 2006, imathandiza mabanja osaukitsitsa opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito, ndipo ambiri mwa mabanjawa ndi a okalamba ndi odwala okhalitsa. Koma gogo wosayenda amatuma mdzukulu kukamulandirira. Ndalama ikafika pakhomo, kodi mwini dzina amaiona? Amafunsidwa kuti igule chiyani?

Tisafulumire kuloza chala osamalira. M'chigwa muno, momwe mabanja ambiri amatsata mbumba ya kuchikazi, wodwala wokhalitsa amabwerera kwa alongo ake, ndipo mtolo wonse umagwera mayi mmodzi. Iyeyo ndiye wolima, wotunga madzi, wochapa zofunda zoipitsidwa, wodzuka pakati pa usiku. Akatopa amachotsa mwana wamkazi pasukulu kuti amuthandize. Abale amuna a m'tauni amatumiza kangachepe pa foni n'kumaona ngati agwira gawo lawo. Mutu umodzi susenza denga. Kumenyera ufulu wa wodwala popanda kupepuza womusamalira ndi kuthira madzi m'dengu.

Zolembedwa zilipo

Pa mapepala dziko lathu silili m'mbuyo. Malamulo aakulu a dziko lino, a 1994, m'gawo 19 amati ulemu wa munthu aliyense sungaphwanyidwe, ndipo amaletsa kuzunza munthu kapena kumuchitira zomunyozetsa. Gawo 20 limaletsa tsankho, kuphatikizapo la chifukwa cha ulumali. Gawo 13 limauza boma kuti lizilemekeza ndi kuthandiza okalamba. Palibe pomwe padalembedwa kuti ufulu umenewu umathera pageti la chipatala kapena pachitseko cha kachipinda.

Mu 2009 Malawi idavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, lomwe limakhudzanso odwala maganizo okhalitsa. Panganoli limati munthu wotere ali ndi ufulu wokhala pakati pa anthu anzake ndi wopanga yekha ziganizo za moyo wake, ndipo pomwe akuvutika athandizidwe kusankha, asalandidwe chisankho. Mu 2024 padakhazikitsidwa lamulo la okalamba la Older Persons Act komanso lamulo latsopano la anthu aulumali, ndipo mu 2025 aphungu a Nyumba ya Malamulo adavomereza bilu yatsopano ya umoyo wa maganizo yolowa m'malo mwa lamulo lija la 1948.

Nkhondoyi yamenyedwanso kwina mu Africa. Mu 2003 bungwe la African Commission on Human and Peoples' Rights lidagamula mlandu wa Purohit ndi Moore wotsutsana ndi dziko la Gambia. Anthu awiriwa adadandaula m'malo mwa odwala osungidwa pamalo otchedwa Campama, pansi pa lamulo lachitsamunda lomwe silinkapereka mwayi woti wotsekeredwa akadandaule. Bungwelo lidapeza kuti Gambia idaphwanya ufulu wa odwalawo. Kuno kwathu, mu 2017 ofesi ya Ombudsman, pa nthawi ya Martha Chizuma, idafufuza za chisamaliro cha odwala maganizo m'chigawo chapakati ndi kutulutsa lipoti lotchedwa Out of Sight, Out of Mind. Dzina lokhalo likunena zonse: amene saoneka amaiwalika. Pali bungwe la Mental Health Users and Carers Association, MeHUCA, momwe odwala eniake ndi owasamalira amalankhula okha. Pali Malawi Human Rights Commission, pali ofesi za ombudsman m'zipatala, pali nthambi yothandiza ozunzidwa kupolisi, pali maofesi osamalira anthu pa boma lililonse.

Koma zonsezi zimadikira dandaulo. Ndipo wodwala womangidwa mwendo sangakwere minibasi kupita kwa Ombudsman. Gogo woiwala dzina lake sangalembe kalata. Lamulo limakhala m'kabati mpaka munthu wina woyenda ndi miyendo yake ataona, n'kukanena.

Phunziro la ku Gauteng

Wina anganene kuti ngati kukhalitsa m'chipatala kuli koipa, onse atulutsidwe apite kwawo. Amalawi ambiri omwe ali ku Johannesburg akudziwa komwe maganizo otere, akachitidwa mothamanga, amathera. Mu 2015 boma la chigawo cha Gauteng, momwe muli Johannesburg, lidathetsa mgwirizano wake ndi zipatala za Life Esidimeni, zomwe zinkasunga odwala maganizo okhalitsa, pofuna kupulumutsa ndalama. Mu 2016 odwala oposa 1,000 adasamutsidwira kumabungwe ang'onoang'ono, ambiri opanda ziphaso zoyenera, opanda anamwino, opanda chakudya chokwanira. Ena adanyamulidwa popanda mafayilo awo a chipatala, ndipo abale sadauzidwe komwe apita. Anthu 144 adamwalira, ambiri ndi njala, ludzu, kuzizira ndi kusowa chisamaliro. Dzina loti Esidimeni limatanthauza malo a ulemu.

Chomwe tiyenera kugwira pa nkhaniyi n'chakuti abale ndi mabungwe owathandiza adachenjeza kusamutsako kusadachitike, koma akuluakulu sadamve. Ndipo choipacho chitachitika, adachiulula ndi abale omwewo, amene adayenda khomo ndi khomo, mpaka kunyumba zachisoni, kufunafuna anthu awo. Lipoti la kafukufuku wa imfazi, lolembedwa ndi Malegapuru Makgoba, lidatuluka mu Febuluwale 2017, ndipo mu Malichi 2018 woweruza wopuma Dikgang Moseneke adalamula boma kulipira banja lililonse lodandaula ndalama zokwana 1.2 miliyoni randi. Ndalama sizidadzutse munthu. Kumudzi n'kwabwino ngati mankhwala akupezeka pachipatala chapafupi, ngati pali womuyendera, ngati womusamalira akuthandizidwa. Popanda zimenezi, kutulutsa wodwala ndi kungomusamutsa kuchoka pomwe ankaoneka kupita pomwe saoneka.

Njira yapakati ilipo, ndipo siifuna nyumba zosanja. Ku Harare dokotala Dixon Chibanda adayambitsa Friendship Bench, pomwe agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi kunja kwa chipatala n'kumamvetsera anthu olemedwa mumtima. M'boma lomwe lino la Zomba alangizi a zaumoyo adaphunzitsidwapo za matenda a maganizo kudzera m'mgwirizano wa chipatala cha Zomba ndi University of York. Zida zazikulu pa ntchito zonsezi ndi miyendo yofikira munthu ndi makutu omumvera.

Mlendo amene amafunsa

Chigwa cha Domasi sichisowa anthu otere. Kuyambira pomwe Alexander Hetherwick adatsegula mishoni ya Domasi mu 1884, dera lino ladziwika ndi maphunziro. Muli Domasi College of Education, muli Malawi Institute of Education, muli chipatala cha Domasi, ndipo cha St Luke's chili pafupi ku Malosa. Muli amayi a Mvano, a Mothers' Union, a Dawa, miphakati ya Akatolika, makomiti a zaumoyo ndi a chitukuko m'mudzi uliwonse. Maliro akagwa, anthu onsewa amasonkhana tsiku lomwelo, wina ufa, wina nkhuni, wina khasu. Luso losenzana mtolo tili nalo. Tidangolisungira akufa.

Kuzonda wodwala wokhalitsa kumene kungamuteteze n'kosiyana ndi kuja kongoima pakhomo, kupemphera n'kumapita. Wozonda alowe m'chipindamo. Apereke moni kwa mwini matenda, pomutchula dzina kapena mfunda wake, asadayambe kufunsa omusamalira. Aone pomwe akugona, ngati pali pouma, ngati zenera limatsegulidwa. Aone m'miyendo ndi m'manja ngati muli zipsera za chingwe, kumsana ngati kuli zilonda. Afunse buku la kuchipatala, aone tsiku lomwe adalandira mankhwala komaliza ndi tsiku lobwereranso. Afunse wodwalayo kuti mankhwala akumumvetsa bwanji m'thupi, wadya chiyani lero, akufuna kuona ndani, munda wake akulima ndani ndipo adagwirizana zotani. Kenaka atembenukire kwa mayi womusamalira, amufunse tsiku lomwe adagona tulo tokwanira, ndipo amuuze tsiku lomwe adzabwere kudzamulandira.

Amene ali ndi mbale wogonekedwa ku Zomba asiye nambala ya foni yogwira, ndiponso ya munthu wachiwiri. Afunse achipatala dzina la matenda, dzina la mankhwala, ndi zoyenera kukonza pakhomo wodwala asadatuluke. Katundu wa wodwala asagulitsidwe iye asadamve. Ngati pali chokakamiza, mwini mbumba adikire tsiku lomwe mutu uli bwino, akhale naye pansi pamaso pa mboni. Mafumu nawo ali ndi gawo: nyakwawa imadziwa nyumba iliyonse momwe muli munthu womangidwa, ndipo ikhoza kuitana mlangizi wa zaumoyo lero lomwe. Boma litsimikize kuti mankhwala a matenda a maganizo ndi a khunyu sakusowa m'zipatala zing'onozing'ono, chifukwa mwezi umodzi wopanda mankhwala umagwetsa zomwe zidamangidwa chaka chathunthu. Malamulo atsopanowa amasuliridwe m'Chichewa ndi m'Chiyao, awerengedwe pabwalo la mfumu, kutchalitchi ndi kumzikiti.

Ife kwathu tidasonkherana mochedwa n'kuwagulira amalume makina ena, akale kuposa oyamba aja. Sadabwererenso pa Songani. Ankasokera pakhonde la amayi, zigamba za mathalauza ndi mabulauzi a amayi a m'mudzi, ndipo buku la kuchipatala ankasunga okha m'kabati ka makinawo. Tsiku la jakisoni ankatikumbutsa ndi iwo. Dimba lija adabwezeredwa pambuyo pa mlandu wa pabanja umene iwo eni adalankhulapo, ndipo adalankhula zomveka kuposa tonsefe.

Lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza. Amene mukuwerenga nyuzipepala ino ndi maso anu, mukuyenda ndi miyendo yanu, simudziwa chipinda chomwe mudzatsirizire masiku anu ndi amene adzasunge kiyi wake. Ngati muli ndi mbale ku Mental amene simudamuone chaka chino, minibasi za ku Zomba zikuyenda ngakhale Lamulungu. Ngati m'mudzi mwanu muli nyumba yomwe mumamva munthu akuitana kuseri, pitani mukagogode. Mukalowa, yambani ndi kumufunsa iyeyo.